Zala Zitatu pa Khoma la ku Madisi

Aphunzitsi a Enoki sankaliza belu la njinga kuti anthu apatuke m'njira ayi. Ankaliza kuti mudzi wonse udziwe kuti afika. Lusiya atangomva kulira kwake kuseri kwa nkhokwe, anadziwa kuti Lamulungu lake lathera pomwepo.

Anali pamphasa akuswa mtedza. Amalume ake, a Alexio, amene ankayang'anira banjalo chichokereni bambo ake, anathamangira m'nyumba kukatenga mpando wandalema, womwe ngakhale akatekisiti sankaulawa. Kwa iwo nkhani inali itatha kale: mwana wa mlongo wawo akwatiwa ndi mphunzitsi wa ku sekondale, osati ndi Bernado, mwana wa tenanti wa pa esiteti ya fodya.

"Chemwali, mwaiona ya sabata ino?" anafunsa Enoki akutambasula nyuzipepala pamaondo. "Andiika patsamba lachisanu."

"Sindinaione, aphunzitsi."

"Ndikuwerengereni."

Kukana sikukanathandiza kanthu. Chaka chimenecho, 1995, nyuzipepala zinali zitamera ngati bowa, ndipo aliyense wokhala ndi cholembera anali katswiri wa china chake. Enoki anasankha kukhala katswiri wa zojambula. Mwayi unamugwera pakhomo, chifukwa kwa miyezi isanu ndi itatu zithunzi zinkangotulukira pamakoma a magolosale ogumuka, ku Madisi, ku Mponela, panjira ya ku Dowa Boma, mpaka kumapiri a ku Ntchisi. Sizinali za penti. Zinali za katondo, mtsiro, makala ndi phulusa: amayi osenza mitolo ya fodya, nkhalamba yopsompsona chala chake itavota, ana osuzumira pazenera la sukulu. Wojambulayo sankadziwika. Ankangosiya mizere itatu yokhotakhota m'munsi mwa chithunzi chilichonse, ndipo anthu anamutcha Wazala Zitatu.

"Wolemba wa ku Blantyre uja akuti ndi munthu wothawa nkhondo wa ku Dzaleka, amene anaphunzira luso kunja," anatero Enoki. "Wina akuti ndi uve chabe, mvula idzatichapira. Mayi Ruti, a nyumba yoonetsera zojambula ku Lilongwe, akuti maso awo sanaonepo zotere. Onsewa akungowombera m'mwamba. Tamverani zanga: 'Dzanja ili ndi la mwamuna, mwamuna wolusa, ndipo mizere itatuyi ndi chidindo cha ukali wake.'"

"Nanga atakhala mkazi?" anafunsa Lusiya.

Enoki anaseka mpaka mandala ake kutsetsereka pamphuno. Amalume nawo anaseka, ngakhale sanamve bwino chomwe chasekedwa.

"Mkazi, chemwali? Nthawi aitenga kuti? Nanga mtima wake wochitira zimenezi?"

Lusiya anaweramira mtedza wake, nakwirira zala m'makoko. M'zikhadabo mwake munali katondo.

Wojambulayo anali iye. Anthu ankati Wazala Zitatu amayenda mumdima, koma iye ankagwira ntchito yake dzuwa lili paliwombo. Anazindikira kalekale kuti m'dziko muno palibe chinthu chosaoneka ngati mkazi wosenza beseni la dothi. Amuna ankadutsa panjinga, n'kungoona mkazi akuzira khoma, maso n'kubwerera kumsewu. Iye ankayamba ndi zigamba zopanda tanthauzo, ndipo msewu ukati zii, ankatenga khala n'kuzipatsa maso, mapewa ndi miyendo. Akamati akukaona azakhali ku Ntchisi, beseni linali pamutu.

Sanauze munthu, ngakhale Bernado. Bambo a Lusiya anatengedwa pagalimoto ya boma iye ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, chifukwa cha mawu anayi okha omwe analankhula pamowa, ndipo sanabwererenso. Chichokereni pamenepo, pakhomo pawo pankalamula mantha. Anthu akuti zinthu zasintha, koma mantha sanamve zoti kunali chisankho.

* * *

Makalata a Lusiya ndi Bernado ankayenda m'buku la nyimbo. Onse awiri ankaimba kwaya ku parishi, ndipo buku la Lusiya linkaiwalika kawirikawiri pabenchi ya anyamata. Lolemba analipeza lili ndi kapepala: *Tikatha kuimba, pa bulugama paja. Ndili ndi nkhani. Ndamva kuti njinga inabweranso.*

Anamupeza atatsamira mtengo, nkhope ili ndwii.

"Mpando wandalema unatuluka?" anafunsa Bernado moni asanapereke.

"Unatuluka."

"Ine tsiku lija anandikhazika pa njerwa."

"Ndiye ukufuna ndikwatiwe ndi mpando?"

Bernado anayesa kulimbitsa nkhope, koma kuseka kunamuthawa. Ndi chimene Lusiya ankamukondera: mkwiyo wake sunkagona. Anali wochokera ku Phalombe, ndipo anabwera ndi makolo ake pa lole ali mwana, kudzalima fodya pa esiteti ya a Elifala. Ali ndi zaka khumi ndi zisanu, jeke wodindira mabelo a fodya anamudya zala ziwiri za kudzanja lamanja. Akamaimba ankabisa dzanjalo m'thumba, koma kwa Lusiya sankabisa.

"Waona chomwe chili pakhoma la golosale yakale, pamphambano yopita ku esiteti?" anafunsa. "Wazala Zitatu wafika kwathu. Wajambula bambo atawerama, belo lili kumsana, ndipo pamwamba pa belolo pakhala munthu wamimba, akudzikupiza ndi chipewa. Lusiya, amayi anga ataona anakhala pansi pamsewu pomwepo n'kulira. Akuti zaka zonsezi ankayesa kuti palibe amene amationa."

Lusiya anamva kutentha m'maso. Chithunzicho anachijambula Lachisanu, kuchokera m'nkhani zomwe Bernado yemweyo ankamusimbira pansi pa mtengo womwewu.

"Nanga a Elifala?"

"Alusa ngati njuchi. Akuti chipewacho ndi chawo. Koma ine ndikanakonda nditamuona munthu ameneyu. Ndikanamugwira dzanja basi."

Mawu anafika pakhosi pa Lusiya. Anatsegula pakamwa. Nthawi yomweyo belu la njinga linalira kumbuyo kwawo, ndipo Bernado, amene anali atamugwira pamkono, anachedwa kuchotsa dzanja.

Enoki sanayang'ane nkhope zawo. Anayang'ana dzanjalo, lili pamkono wa Lusiya, zala zitatu zili poyera. Anayang'ana nthawi yaitali, kenako anamwetulira ngati munthu amene watola chinthu pamsewu.

"Pitirizani kuphunzira nyimbo," anatero, napalasa njinga.

* * *

Nyuzipepala inafika Lachitatu ndi minibasi ya m'mawa, ndipo pofika masana inali itazungulira msika wonse wa Madisi. Mutu wake unali waukulu: NDAMUPEZA WAZALA ZITATU. Enoki anali atalongosola zonse mwaluso. Wojambula amadziwa za matenanti chifukwa ndi tenanti. Ndi wolusa chifukwa anapweteka. Amasiya mizere itatu chifukwa ali ndi zala zitatu. Dzina la Bernado analemba, ndi esiteti yomwe.

Bernado anamupeza Lusiya pamjigo, akupopa madzi. Sanasamale za amayi omwe anali pamzere.

"A Elifala atipatsa mpaka Loweruka," anatero. "Lole ibwera kudzatitenga, tonse, ndi ana omwe. Fodya wathu ali m'chigafa, koma akuti tisamukhudze. Ndalumbira, ndagwada, ndawauza kuti ine ngakhale nkhuku sindingajambule. Akuti wakuba savomera."

"Bernado..."

"Bambo anga sakundilankhula. Akuti ndawaphera banja chifukwa chofuna kutchuka." Anapukuta maso ndi dzanja lomwelo. "Iwe ukundikhulupirira, eti? Ndiuze kuti ukundikhulupirira."

"Ndikukukhulupirira."

"Ndiye munthu ameneyu ali kuti? Amadziwa kutijambula, koma sakudziwa kuti akutipha? Angotuluka n'kunena kuti ndine, basi."

Lusiya anagwira chitsulo cha mjigo mwamphamvu. Anaona galimoto ija ya kalekale itaima pakhomo pawo, anamva kulira kwa amayi ake, anaona amalume akumuloza chala pamaso pa mudzi.

"Mwina akuopa," anatero motsitsa.

"Akuopa? Nanga ife?"

Anachoka osatembenuka. Ndowa ya Lusiya inadzaza n'kusefukira, mpaka mayi wina anachita kumugwedeza paphewa.

Lachinayi anapita kutchalitchi, nakhala pabenchi yakumbuyo osapemphera. Lachisanu anauyamba ulendo wa ku esiteti kawiri, ndipo kawiri konse anabwerera pa mlatho. Chakudya sichinkatsika. Akakhala pansi ankafuna kuimirira, akaimirira ankasowa kopita. Kapepala kena kanabwera kokha, buku la nyimbo litatsala kwa Bernado: *Ngati sitionananso, dziwa kuti sindinakunamizepo chilichonse.* Anakawerenga kamodzi kokha, chifukwa kachiwiri maso sakanaona.

* * *

Amayi ake, aNachisale, sankadziwa kuwerenga. Nyuzipepala kwa iwo inali yokulungira mchere. Madzulo a Lachisanu lomwelo, dzuwa lisanalowe, Lusiya anawapeza kukhitchini atatambasula pepala pa lichero, mchere atautsanulira m'mbale. Papepalapo panali chithunzi cha khoma la pamphambano.

"Khala pansi," anatero.

Lusiya anagwada.

"Aphunzitsi ako akuti mizere iyi ndi ya mwamuna wopanda zala." Analoza m'munsi mwa chithunzicho. "Mkazi aliyense amene anazirapo nyumba akudziwa kuti uku ndi kutseka khoma. Ukamaliza kuzira, umakoka zala zitatu m'munsi kuti anthu adziwe kuti ntchito yatha, asagundepo. Amayi onse a kumsika akhala akudziwa kuti ndi mkazi. Kungoti palibe anawafunsa."

Lusiya anayang'ana pomwe amayi ake ankaloza.

"Koma taona kumapeto uku. Mzere wapakati ukukwera m'mwamba ngati mchira wa tambala. Wotseka choncho ndinkamudziwa mmodzi, amayi anga, ku Ntchisi. Iwo anaphunzitsa ine. Ine ndinaphunzitsa mwana mmodzi."

"Amayi, ndikhululukireni."

"Ukufuna kundipha, mwanawe? Bambo ako sanakukwane? Ndinakulera ndili chete kuti galimoto isadzaimenso pakhomo pano, iwe uli kalikiliki kuitana ndi manja awiri?"

Lusiya analira momwe sanalirirepo chiyambire Lachitatu. Anawauza zonse: za beseni, za makala, za momwe mtima umamupepukira nkhope ikatuluka m'dothi. Anawauza za Bernado ndi za lole ya mawa.

ANachisale anasalaza pepalalo ndi chikhato.

"Tsiku lomwe anatenga bambo ako," anatero, "pamowa paja panali amuna khumi ndi awiri. Onse ankadziwa kuti mawu aja anayamba ndi wina. Palibe anatsegula pakamwa. Mpaka lero ndikakumana nawo ndimapatuka." Anapinda pepalalo. "Sindikukuuza kuti upite. Ndikakuuza choncho, amalume ako andidya wamoyo. Koma katondo wabwino ali kuseri kwa bafa, ndinakumba dzulo."

* * *

Loweruka pamphambano panali anthu ngati pamsonkhano wa chipani. Lole inali itaima chapatali, itapakira kale mphasa, miphika, ndi nkhuku zomanga miyendo. Pafupi ndi khoma panali galimoto yoyera. Mayi Ruti anali atabwera kuchokera ku Lilongwe, ndi wojambula zithunzi za kamera, ndi bokosi la penti ndi maburashi.

"Musaope, achimwene," ankamuuza Bernado. "Tangojambulani kanthu kakang'ono papepalali. Ndikufuna ndione dzanja lanu likugwira ntchito."

"Mayi, ndakuuzani, sindidziwa."

"Kudzichepetsa kwa aluso!" anafuula Enoki, atavala tayi. Anagwira dzanja la Bernado n'kulikweza m'mwamba kuti wa kamera alione bwino. "Umboni ndi uwu, mabwana ndi madona. Chimodzi, ziwiri, zitatu!"

Bernado anatseka maso. Dzanja lomwe ankalibisa ngakhale pamaso pa Mulungu linali m'mwamba, khwimbi lonse likuliwerenga.

Lusiya anadutsa pakati pawo, beseni lili pamutu. Palibe anamuona. Anthu ankangosuntha pang'ono osatembenuka, monga amachitira mbuzi ikamadutsa. A Elifala, atavala chipewa chawo, anachita kumupatukira. Anafika pambali ya khoma pomwe panali posajambula, natula beseni, naviika manja.

Anazira chigamba chofiira. Anawonjeza mtsiro. Anatenga khala. M'dothimo munatuluka mkono, kenako chikhato, kenako zala zitatu zolozera kumwamba, ndi dzanja lina, la malaya a manja aatali, litagwira pamkonopo.

Woyamba kuona anali mwana wa kumbuyo kwa amake. Kenako phokoso linayamba kuzima kuchokera kutsogolo, mpaka kunangotsala kulira kwa nkhuku za pa lole. Lusiya anawerama, nakoka zala zitatu m'munsi, mzere wapakati n'kuukweza m'mwamba.

"Watseka khoma mwana wa aNachisale!" anafuula mayi wina wogulitsa tomato, ndipo nthungululu inabuka mbali ya amayi.

Mayi Ruti anagwira pakamwa. Enoki anasiya dzanja la Bernado ngati lamutentha.

"Ndine," anatero Lusiya, mawu ali aang'ono. Anabwereza mokweza. "Ndine, a Elifala. Zonse zija ndine. Bernado sanadziwe kanthu. Asiyeni anthuwa atsitse katundu."

A Elifala anamuyang'ana kuyambira kumapazi.

"Iwe sunalimepo pa esiteti yanga," anatero. "Za mabelo, za chipewa, unazimva kwa ndani?" Anatembenukira kwa dalaivala. "Liza galimoto. Wojambula ndi wonena, kwa ine ndi amodzi."

Lusiya anathamangira kwa Bernado. Ankayembekeza mkwiyo, ndipo mkwiyo akanaupirira, chifukwa wa Bernado sunkagona. Koma pankhope pake panalibe mkwiyo. Ankamuyang'ana ngati mlendo.

"Lachitatu pamjigo paja," anatero pang'onopang'ono, "ndimalira pamaso pako, iwe ukudziwa?"

"Ndimaopa, Bernado."

"Ndinakufunsa kuti munthuyo ali kuti. Unali utaima pamenepo, ndowa ili m'manja."

"Ndabwera. Taona, ndabwera."

"Wabwera." Anayang'ana chithunzi cha dzanja lake pakhomapo. "Ukanangondinong'oneza, Lusiya. Ndikanapita kwa a Elifala ndekha n'kunena kuti ndine. Ndikanakwera loleyi ndikuimba, ndikudziwa kuti ndikuvutikira ndani. Koma iwe unandiona ngati amuna onsewa, woti sungamuuze."

Lole inalira. Amayi ake a Bernado anamuitana ali pamwamba pa katundu. Iye anapisa m'thumba la jekete, natulutsa buku la nyimbo la Lusiya, nalipereka. Lusiya analilandira ndi manja a dothi, nalitsegula pomwepo, masamba akuda ndi katondo. Munalibe kapepala.

Atadzutsa mutu, Bernado anali atakwera kale, atakhala chofulatira.

"Mwanangu, mwanangu!" Mayi Ruti anali atamugwira paphewa, misozi ili m'maso. "Tonse tinasokera, tonse! Uyenera kubwera ku Lilongwe. Dziko likuone. Wa kamera, lembani. Dzina lako ndani? Tilankhule ndi ndani kwanu?"

Lusiya sanamve bwino. Maso ake anali pa fumbi la lole, lomwe linkalowera kumsewu waukulu. Amene anayankha anali amalume ake, a Alexio. Anali atatulukira m'khwimbimo ndodo ili m'manja, koma ataona galimoto yoyera ndi kamera, ndodoyo anaibisa kumbuyo.

"Mulankhule ndi ine, mayi, ndine mwinimbumba," anatero, akumwetulira mano onse. "Kapena mulankhule ndi aphunzitsi a Enoki awa. Ndi mkazi wawo ameneyu. Ankhoswe akumana mawa tikatuluka m'tchalitchi."

Enoki anakonza tayi, nasendera pafupi ndi Lusiya kuti alowe m'chithunzi. Kamera inathwanima lole isanathe kukhota.